Za Pilates zija ndinafunsa

Mwezi watha ndinafunsa ngati bambo wovutika msana ngati ine angachite Pilates, masewera olimbitsa thupi, popeza anzanga ankati ndi masewera a amayi. Zikomo nonse munandiyankha.

Anayambitsa ndi mwamuna, Joseph Pilates wa ku Germany, wobadwa mu 1883, yemwe ankamenyanso nkhonya. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatsekeredwa m'kampu pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, n'kumaphunzitsa amuna anzake. Atatsegula malo ake ku New York, ovina anakhamukirako.

Ndayamba, m'mawa uliwonse pamphasa. Kugona chagada, kudzutsa miyendo, kulimbitsa pamimba, kupuma modekha. Tsiku loyamba miyendo inkanjenjemera, thukuta kamukamu. Lero ndamanga zingwe za nsapato osagwira m'chiuno.