Mng'ono wanga akufuna kuphunzira zamagetsi, amalume akukana

Admin mundibisire dzina chonde.

Ndine mayi wa ku Zomba. Mng'ono wanga wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi fizikisi. Pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma akufuna kuika electrical engineering ya ku MUBAS, ija tinkati Poly. Mwanayu zamagetsi anayamba kale. Ali fomu 2 sola yathu itasiya kuyaka, anatsegula bokosi ndi nsonga ya mpeni, n'kupeza waya wopsa, n'kulumikiza. Mpaka lero ikuyaka.

Vuto ndi amalume, omwe akhala akumulipirira chimwalirireni bambo. Lamlungu anatikhazika pansi n'kunena kuti ndalama zawo sizipita kokaphunzitsa mwana wamkazi kukwera mapolo, alembe unamwino kapena uphunzitsi. Anawonjeza kuti mkazi wovala ovolosi amuna amamuopa. Mwanayu sanayankhe, anangowerama, koma usiku ndinamumva akulira. Amalumewa ndimawalemekeza, atilera. Koma mtima ukundiwawa kuti mphatso yotereyi ifere m'nyumba. Maphunzirowa ndi a zaka 5, ndekha sindingakwanitse. Ndiwalankhule bwanji? Alipo akazi muno amene anadutsa njira imeneyi?

Mayankho

Mayi wa ku Lilongwe: Ine ndinaphunzira zamagetsi ku technical college kudzera ku TEVETA. Ndisakunamizeni, zonyoza zilipo. Pa attachment, nthawi yokaphunzira ntchito ku kampani, anyamata ankagwira ntchito, ine n'kumandipatsa chikwama cha zida kuti ndizisunga. Tsiku lina ndinangotenga tesita ndi pulayazi n'kuyamba ndekha. Lero ndimaika mawaya m'nyumba za anthu, komabe ena ndikafika amafunsa kuti "abwana anu abwera nthawi yanji?" Amasiya kufunsa magetsi akayaka. Mumuuze akakafika kumeneko asamangolembera anzake manotsi, zida azigwira ndi manja ake.

Bambo wina: Amalumewo musawaone ngati mdani. Ntchito zina amakuitana pakati pa usiku, nanga akadzakhala ndi khanda?

Mayi wa ku Lilongwe: Bambo, anamwino sagwira usiku?

Mphunzitsi wa sekondale: Chemwali, amalume akusokoneza zinthu. Injiniya ntchito yake yaikulu ndi kuwerengetsa, kujambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito, si kungokhala pa polo ayi. Komanso amene wasankhidwa ku yunivesite ya boma angathe kufunsira ngongole ku bodi ya ngongole za ophunzira, ndiye mtolo sungakhale wa amalume okha. Musakangane nawo pagulu, akuluakulu safuna kugonja ana akuona. Pitani nokha, kapena mutenge munthu amene iwo amamumvera.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mayi a ku Lilongwe, ndakulemberani ku inbox. Mungalole kulankhula ndi amalumewa pa foni Loweruka? Ndikuona kuti sanaonepo mkazi wa ntchito imeneyi ndi maso awo.