Selotepi ikumatuka pa makatoni, vuto lili pati?

Bambo a Tadala: Akuluakulu a katundu ndithandizeni. Sabata yatha ndinapakira makatoni 12 a mayi ena opita ku Blantyre, ndinamata bwinobwino m'mamawa mu garaja kuno ku Mayfair, ku Joburg, koma pofika pa Mwanza atatu anali atatseguka pansi, sopo ndi shuga mbwee mu thiraki. Mayiwo akundiimbirabe mpaka lero, manyazi andigwira zedi. Selotepi ndi ya bulauni yomwe ija yotchipa ya mtauni, mesa guluu ndi guluu basi?

Che Yusufu: Ayi achimwene, sali chimodzimodzi. Ine ndagwira mu warehouse ku City Deep zaka zambiri, guluu wa pa tepi alipo wa mitundu itatu. Wina ndi acrylic, ndi mtundu wa pulasitiki yofewa, sachita chikasu padzuwa koma amagwira pang'onopang'ono ndiye pa katoni yakale yafumbi amakana, makamaka kukazizira. Wina ndi hot melt, labala wopanga ku fakitale wosakaniza ndi utomoni, ameneyu amagwira nthawi yomweyo koma kukatentha kwambiri amafewa nkuyamba kutsetsereka. Wachitatu ndi labala weniweni wochokera mu mtengo, ngati uja amakama ku Vizara ku Nkhata Bay, pa bokosi amalemba solvent. Ndi wodulirapo koma kuzizira ndi kutentha amapirira konse.

Mai a Chikondi: Komanso munamata nthawi yanji bambo? June muno m'mawa ku Joburg manja amachita kuuma, guluu naye amalimba salowa mu timaulusi ta katoni. Ine ma rolo ndimagona nawo mnyumba, osasiya mu garaja, ndipo ndimadikira dzuwa lituluke kaye.

Bambo a Tadala: 5 koloko m'mawa mayi, thiraki imanyamuka 7. Ndapeza bokosi lomwe selotepiyo inabweramo, alembapo acrylic.

Che Yusufu: Ndiye ndi pomwepo. Guluu ameneyu sauma ngati wa matabwa, amafuna mumukanikize kuti agwire, inu munangoyala pa katoni yozizira, kenako thiraki kugwedezeka njira yonse, kudikira pa Beitbridge, kukafika ku Tete kotentha kuja, tepi yoti sinagwire pachiyambi ikanapirira bwanji. Pukutani fumbi ndi kansalu kouma, matani pakati ndi m'mbali monse muwiri, tepi izitsikira m'mbali mwa katoni ngati kutalika kwa chikhatho, kenako pitani pamwamba pake ndi chigwiriro cha sizasi mwamphamvu mpaka muone mtundu wa katoni ukuonekera mofanana.

Mai a Chikondi: Zolemera ngati shuga ndi mafuta ophikira musadalire tepi yokha chonde, mangani ndi chingwe pamwamba. Ndipo makatoni a nthochi aja anyowapo kale asiyeni.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri akuluakulu. Loweruka ndili ndi makatoni 20 a ku Lilongwe, ndipakira Lachisanu masana kukadafunda. Che Yusufu munditumizire ku inbox komwe mumagula ya solvent ija, ndikatenge bokosi lonse.