Chichewa pa Django chikukana, SMS za alimi zikutulukabe mu Chingerezi

Wa ku Santhe: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi ka sisitimu ka Django (chida chopangira mawebusayiti) kamene ndinapangira kopaletivi ina ya alimi kuno, mlimi akabweretsa mbewu kalaliki amalowetsa matumba mu kompyuta kenako mlimiyo amalandira SMS ngati lisiti. Zonse zinali mu Chingerezi nde komiti inati ayi anthu athu sakumva tiikireni Chichewa. Ndinapanga makemessages -l ny (lamulo lotolera mawu ofunika kumasulira mu fayilo ya .po, ny ndi code ya Chichewa), aphunzitsi ena opuma anandimasulira fayilo yonse, LocaleMiddleware yosankha chiyankhulo ndaika, pa laputopu panga zikuyenda bhobho koma pa seva mawu ena Chichewa ena Chingerezi, SMS nde Chingerezi chokhachokha, ndipo soya akulowa kale mu depoti. Ndalakwitsa pati?

Mdala wa Mchinji boma: Mphwanga tiyambe ndi zophweka. Pa seva compilemessages munayendetsa? Django sawerenga .po, amawerenga .mo imene compilemessages imapanga kuchokera ku .po, ndipo ambiri .mo timayiika mu gitignore nde siifika pa seva. Ikani gettext pa seva kuti msgfmt ipezeke, yendetsani, muzimitse gunicorn n'kuyatsanso chifukwa zomasulira amazisunga mu memory.

Wa ku Santhe: Zimenezo ndinapanga mdala, .mo ilipo

Chemwali wa pa Kamwendo: Nde tsegulani .po yo musake mawu oti fuzzy. Mukasintha pang'ono chiganizo cha Chingerezi mu code n'kuyendetsanso makemessages, imangoganizira kuti kumasulira kwakale kuja mwina n'komweko n'kuikapo chizindikiro cha fuzzy, ndiye compilemessages mizere imeneyo imaidumpha osakuuzani. Ine zinandidyera Loweruka lathunthu zimenezi. Muonenso pamwamba pa fayilo, pa Plural-Forms. Poti ny mu Django mulibe, pamenepo pamatsala INTEGER ndi EXPRESSION, mulembe nokha nplurals=2; plural=(n != 1);

Wa ku Santhe: Eee chemwali ma fuzzy alipo 40 ndi kanthu kkkk. Ndachotsa, peji tsopano yayera. Kwatsala ma error a pa fomu aja, This field is required, ndi SMS

Mdala wa Mchinji boma: A pa fomuwo ndi mawu a Django mwini wake, Chiswahili anamasulira koma Chichewa ayi. Pangani ka fayilo kamodzi muikemo ziganizo zimenezo ndi gettext_noop, zilembedwe ndendende mmene zilili kwa Django, makemessages izitola zilowe mu .po yanu. Za SMS ndifunse, amatumiza ndani, view (code yoyankha peji) kapena worker (pulogalamu yogwira ntchito payokha kumbuyo)?

Wa ku Santhe: Worker wa Celery

Mdala wa Mchinji boma: Ndi pomwepo. Middleware ija imasankha chiyankhulo poyang'ana request, imayamba URL ngati muli ndi i18n_patterns, kenako cookie, kenako Accept-Language ya browser, zikakanika zonse imagwera pa LANGUAGE_CODE. Worker alibe request, nde amangogwera pa en basi. Komanso taganizani, ngakhale request ikanakhalapo ndi ya kalaliki, si ya mlimi amene ali ndi ka foni ka mabatani ku mudzi. Onjezani column ya chiyankhulo pa tebulo la alimi, afunsidwe tsiku lolembetsa, ndiye mu task muzikuta uthengawo ndi translation.override ya chiyankhulo cha mlimiyo. Accept-Language kuno musaidalire n'komwe, mafoni ambiri amene ndawagwira amanena en ngakhale mwini wake Chingerezi sachiyankhula.

Mnyamata wa Nkhamenya: Column imeneyo musaipange ya zilembo ziwiri bwana. Kwathu kuno kumpoto kwa Kasungu alimi ambiri ndi Chitumbuka, code yake ndi tum, zilembo zitatu, ya Chiyao ndi yao. Tsiku lina komiti idzafuna

Wa ku Santhe: Ndabweranso akulu. SMS tsopano zikupita mu Chichewa zikomo, koma kwabuka ziwiri. Yoyamba bilu ya SMS ya masiku awiri yakwera pafupifupi katatu pamene mauthenga ndi omwewo, tcheya wandiimbira kale kawiri. Yachiwiri ndi yochititsa manyazi, mayi ena abwera ndi foni ku depoti akuseka, uthenga ukuti "Nyemba chanu chalandiridwa"

Chemwali wa pa Kamwendo: Kkkkkk nyemba chanu. Aphunzitsi aja si olakwa, munawapatsa chiganizo chokhala ndi dzenje, Your chakuti has been received, iwo m'mutu anaikamo chimanga n'kumasulira bwinobwino. Chingerezi your ndi your basi kaya ndi mbuzi kaya ndi thumba. Ife dzina likasintha chiganizo chonse chimatsatira, chimanga chanu chalandiridwa, mtedza wanu walandiridwa, nyemba zanu zalandiridwa, ndiye gettext za magulu a mayina sadziwa, amadziwa chimodzi ndi zambiri basi. Ena amalemba chiganizo chapachokha pa mbewu iliyonse, zimatheka, koma mawa kopaletivi ikayamba kugula mpendadzuwa kapena nandolo muzikasaka omasulira kachiwiri. Ine ndimatembenuza chiganizo kuti mbewu isalamulire kanthu. Lembani kuti Talandira matumba 12 a nyemba. Mwaona, a uja akutsatira matumba osati nyemba, nde muikepo chimanga, soya, fodya, chilichonse chikhala bwino. Likakhala limodzi ndi Talandira thumba 1 la nyemba, ndipo thumba la ndi matumba a ndi ntchito yeniyeni ya ngettext, imene imasiyanitsa chimodzi ndi zambiri. Ma placeholder akhale a mayina, %(mbewu)s ndi %(nambala)s, osati %s yopanda dzina, kuti womasulira azitha kuwasuntha.

Mdala wa Mchinji boma: Chemwali apa mwandiphunzitsa ndine, ine ndinkangolemba "Mbewu: nyemba. Matumba: 12" ngati fomu ya kuchipatala

Chemwali wa pa Kamwendo: Imeneyonso siinama mdala koma siikoma, lisiti la munthu amene walima chaka chonse lizimveka ngati wayankhula ndi munthu

Mnyamata wa Nkhamenya: Za bilu, aphunzitsiwo analembera mu Word eti?

Wa ku Santhe: Eya, ine ndinangokopera mu Poedit

Mnyamata wa Nkhamenya: Basi ndi ka apostrophe. Word amasintha ' yowongoka kukhala yopindika, ndiye Chichewa chadzaza nazo, m'thumba, ng'ombe, n'kofunika. Yopindikayo mu zilembo za GSM, zimene SMS wamba imagwiritsa ntchito, mulibe, ŵ nayenso mulibe. Kakalowa kamodzi kokha uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kotchedwa UCS-2, SMS imodzi m'malo mwa zilembo 160 imanyamula 70, ndipo ukadulidwa zidutswa chilichonse ndi 67. Uthenga wa zilembo 150 umene unali SMS imodzi ukusanduka zitatu, katatu kanu ndi kameneko. Musanatumize muzisintha yopindika ikhale yowongoka, ŵ akhale w, koma pa SMS pokha, pa peji ŵ musiyeni UTF-8 alibe naye vuto. Muikenso ka test kowerenga kutalika, Chichewa chimatalika kuposa Chingerezi nde 160 mudutsa osadziwa

Mdala wa Mchinji boma: Mayina a mbewu ali mu database kapena ndi choices, mndandanda wolembedwa mu code? Ngati ndi choices gettext_lazy yakwana, ngati ali mu tebulo gettext sawaona, muonjezere column kapena django-modeltranslation. Kuno tili ndi alimi ena a mbali ya Chipata, code ndi ny yomweyo koma mawu ena amasiyana, nde ndimapewa mawu ozama kwambiri

Wa ku Santhe: Ndi choices mdala. Ndayesa pa foni yanga, "Talandira matumba 3 a mtedza", SMS imodzi, zilembo 118 ndi zonse za mtengo. Ndikupita kwa aphunzitsi madzulo ano tikakonze ziganizo zina zamadzenje, ndawerenga zilipo 9. Wa Nkhamenya, womasulira Chitumbuka amene umamudziwa undiponyere ku inbox, tcheya wamva kale za tum ndipo sakundipatsa mpata