Samaria ndi anthu 14, basi ikufika mochedwa, boti ya 5:30 tiipeza?

Nambewe: Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Gulu la anthu 14, tikugona ku Rethymno pachilumba cha Crete ku Greece, ulendo wapansi wa m'chigwa cha Samaria uli pa pulogalamu Lachinayi sabata yamawa. Eni basi akukana kunyamuka isanakwane 7:30, ndiye kuti pa Xyloskalo, geti lakumtunda la chigwacho, tifika cha m'ma 9:30. Wamkulu pagululi ali ndi zaka 68, awiri amadandaula mawondo. Lachisanu 10 koloko m'mawa gulu lonse lili ndi ndege ku Chania. Boti ya 5:30 madzulo ku Agia Roumeli, mudzi wa kunyanja pothera chigwacho, tiipeza? Ndipo dalaivala akuti adikira pomwe watitsitsapo, zimenezi zikumveka? Musandiuze zoti ndichotse Samaria, ndi imene analipirira ulendo wonsewu.

Bambo Gondwe: Apititseni ku Imbros, chigwa china chachifupi. Makilomita 8, maola atatu osapitirira, msewu kumtunda, msewu kumunsi ku Komitades. Nkhani yatha.

Chisale: Achemwali, yambani ndi dalaivalayo, chifukwa ngati akuti adikira pa Xyloskalo ndiye kuti njirayi sanayendepo. Samaria sabwerera. Mumalowa pamtunda wa mamita 1,200 ndi kanthu, mumatulukira kunyanja, ndipo ku Agia Roumeli kulibe msewu wa galimoto wochokera kunja. Basi iyenera kubwerera kumpoto, kukhotera pa Vryses, kudutsa Askifou mpaka kutsikira ku Chora Sfakion, kukakudikirani padoko. Zimenezi zilembedwe papepala, osati pakamwa.

Tsono masamu. Mkati mwa paki ndi makilomita 13, kuchoka pageti lakumunsi kufika kumudzi ena pafupifupi 3. Munthu wolimba amatenga maola 5. Gulu losakanikirana ngati lanulo werengerani 7 mpaka 8 ndi kupuma komwe. Mukalowa 9:45, chifukwa matikiti ndi chimbudzi zidya mphindi 15, maola 7 ndi theka akukufikitsani 5:15. Mphindi 15 zotsalazo si nthawi yodalira, bondo limodzi likangotupa zatha.

Nambewe: Ndiye chikuwakanitsa kunyamuka 5:30 n'chiyani? Ndalama ndawonjezera, akukanabe.

Chisale: Si ndalama, ndi tachograph, kachipangizo kolemba maola a dalaivala. Lamulo la EU limafuna dalaivala apume maola 11 patsiku, ndiye tsiku lake la ntchito lisapitirire maola 13. Amatha kulikoka kufika 15 koma masiku owerengeka pa sabata. Akanyamuka 5:30, boti n'kufika ku Sfakia (Chora Sfakion yomweyo) cha m'ma 6:30 madzulo, anthu kutsika, kukwera, msewu wokhotakhota uja, ku Rethymno ndi 8:30 kapena 9. Wadutsa kale. Njira zake ndi ziwiri: madalaivala awiri, kapena ma transfer awiri osiyana, wina wa m'mawa wina wamadzulo. Yachiwiriyi nthawi zambiri siikwera mtengo kwambiri chifukwa palibe amene akukhala tsiku lonse padoko. Yachitatu, imene ine ndingasankhe, kagoneni Lachitatu ku Omalos. Pali timahotela tochepa, geti lili makilomita ochepa chabe, mumalowa 7 koloko kukadali kozizira. Koma anthu 14 mu Juni, imbani lero.

Bambo Gondwe: Zonsezi mukuvutikiranji? Imbros simafuna boti, simafuna madalaivala awiri. Pamalo popapatiza kwambiri sipakwana mamita awiri, zithunzi adzajambula zomwezo.

Mayi Tembo: Ine nkhawa yanga si boti ayi, ndi mawondo awiriwo. Anthu amamva kuti n'kotsetsereka ndiye amati n'kosavuta. Makilomita anayi oyambawo, kuchokera pa Xyloskalo kufika pa katchalitchi ka Agios Nikolaos, mukutsika mamita oposa 500 pa masitepe a miyala osalingana, ena opukutika ndi mapazi mpaka kuterera. Bondo limathera pamenepo, koma mwini wake amazindikira akafika pa mudzi wakale wa Samaria, pakati peniipeni pa ulendo, pomwe kubwerera n'kukwera phiri lonse lija ndipo kupitirira n'kuyenda makilomita ena 6 pa miyala ya mumtsinje. Amene munatsitsako alendo ku Chambe kupita ku Likhubula mukudziwa mmene ntchafu zimanjenjemerera. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mulanje kuli ma porter. Kuno chikwama ndi mwini wake.

Ndodo ziwiri aliyense wa awiriwo, zitalikitsidwe potsika. Nsapato zoti anaziyendera kale, osati zogula dzulo. Zikhadabo zakumapazi awenge usiku wake, chifukwa potsika chala chimagunda kutsogolo kwa nsapato maola onse, chikhadabo chimada n'kudzachoka. Zingwe amange zolimba pa akakolo. Plasitala wa matuza amatidwe pomwe munthu wamva kutentha, osadikira thuza lituluke.

Ikani malire a nthawi musanalowe, ndipo muwauze onse m'basi: amene wafika pa Agios Nikolaos akutsimphina abwerere ndi wothandizira wanu. Ndiye kuti mukufunika anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Muli nokha?

Nambewe: Ndili ndekha mayi. Bajeti yake sinalole.

Mayi Tembo: Ndiye awiriwo asalowe kumtunda. Mwekha simungagawike.

Kachingwe: Alipo abulu aja a alonda a paki.

Mayi Tembo: Alipo, koma ndi a munthu wovulala, si thiransipoti yoyitanitsa. Mukawauza alendo za abulu asanalowe, wina amalowa akudalira zimenezo. Foni nayonso musaidalire, netiweki mkatimo imasowa malo ambiri. Thandizo lili pa malo a alonda, ndiye wina ayenera kuyenda kukawauza.

Kachingwe: Chabwino. Awiriwo muwachitire ija amati lazy way. Basi ikatsitsa anzawo, iwatengere ku Chora Sfakion, akwere boti yopita ku Agia Roumeli, ayende kuchokera kumunsi kufika pa Portes, pomwe makoma amayandikana mpaka mamita atatu kapena anayi pomwe kutalika kwake ndi pafupifupi 300. Kumeneko n'kosatsetsereka kwenikweni, aona chimene anabwerera, akumana ndi gulu n'kutsikira limodzi. Koma onani ndandanda ya sabata imeneyo ya ANENDYK, kampani ya mabotiwo, chifukwa basi ikachoka pa Xyloskalo 9:30 singafike ku Sfakia nthawi ya boti ya m'mawa. Ndiye mwina ndi taxi yawoyawo kuchokera ku Rethymno. China, masana alonda salola munthu kulowa patali, amangolola makilomita awiri kuchokera pageti. Funsani ola lake chaka chino.

Bambo Gondwe: Taxi ina, boti ina, tikiti ina. Mukuona? Ndi Imbros onse 14 amayendera limodzi. Ndi njira yomwenso asilikali a Britain, Australia ndi New Zealand anadutsa mu 1941 pothawira ku Sfakia, nkhani yowafotokozera ilipo.

Nambewe: Bambo Gondwe ndamva, koma pa invoice palembedwa Samaria.

Phiri wa ku Leeds: Palibe amene wakamba chinthu chachikulu: ndege ya Lachisanu. Samaria saiika tsiku lotsatana ndi ndege. Ngakhale mutafika padoko 3 koloko, mphepo ikakula kugombe lakumwera boti imatha kusayenda, ndipo mugona ku Agia Roumeli mufune musafune. Mapasipoti ali ku Rethymno, ndege ili ku Chania. Matikiti 14 atsopano adzalipira ndani? Inshulansi zambiri zimazemba zoterezi. Sinthanitsani masiku, Samaria ipite Lachiwiri, Lachitatu likhale losungira. Pakiyo amaitsekanso popanda chenjezo lalitali: mvula ikalosedwa, kutentha kukapitirira, kapena chivomerezi chikagwedeza miyala. Mvula ya kumtunda ku mapiri a Lefka Ori imadzaza mtsinje pa Portes inu musanaone dontho. Akatseka musakangane nawo, anthu anafapo ndi miyala yogwa mmenemo.

Chisale: Zoona zimenezo. Ndiwonjezere za padoko. Madzulo maboti amanyamuka nthawi yofanana kulowera mbali ziwiri, ina kum'mawa ku Loutro ndi Chora Sfakion, ina kumadzulo ku Sougia ndi Paleochora. Munthu wotopa amangotsatira khamu. Mmodzi akakwera ya ku Sougia basi ili ku Sfakia, usiku wanu wonse wapita. Matikiti a boti gulani mukangofika kumudzi, musanawalole kukasambira, ndipo muime nokha pa mlatho wokwerera muziwerenga mitu. Tikiti ya paki asataye, amaifuna potuluka kuti adziwe ngati wina watsala mkati. Pageti lakumunsi pamakhala minibasi yolipira pang'ono yofikitsa kumudzi, otopa akwere, gawo limenelo mulibe mthunzi ndipo mulibe choona.

Madzi musawasenzetse malita atatu. Akasupe alipo m'njira, botolo la lita imodzi lokwanira, azidzaza paliponse. Chakudya ndiye mulibe chogula mpaka mutatuluka. Mtedza wa mchere, nthochi, buledi ndi tchizi.

Kachingwe: Ndipo auzeni asadyetse kri-kri, mbuzi zakutchire za ku Crete, pa mudzi wakale paja. Pakiyo anaikhazikitsa mu 1962 makamaka chifukwa cha mbuzi zimenezo, anthu a m'mudzimo anasamutsidwa, lero mlendo akuzipatsa bisiketi.

Mayi Tembo: Mchenga wa pagombe la Agia Roumeli ndi wakuda, masana umawotcha. Munthu wa matuza akavula nsapato n'kuthamangira kumadzi amakuwa. Anyamule patapata.

Bambo Gondwe: Pakiyo akaitseka Lachiwirilo mudzapita kuti? Ku Imbros komweko. Bwanji osangoyambira kumeneko?

Phiri wa ku Leeds: Kapena Agia Irini, mbali ya Sougia, ili ndi mthunzi wambiri kuposa Imbros yanuyo bambo. Koma kuchokera ku Rethymno n'kutali. A Chisale, ma transfer awiri aja mumatenga kampani imodzi kapena ziwiri? Chifukwa wamadzuloyo akapanda kubwera, basi ya aliyense ya kampani ya KTEL yodikira boti ku Sfakia singakutsimikizireni mipando 14.