Za nano zomwe boma limalipira, ife mainjiniya timalowa pati?

wa_mechanical:
Anzanga ndithandizeni. Ndili chaka chachitatu mechanical, ndiye lekichala wathu amanena kuti ku America boma limathira ndalama zankhaninkhani pa nanotechnology (luso lopanga tinthu tating'onoting'ono kwambiri, toyezedwa mu ma nanomita), koma ine ndikaona ngati ndi za anthu a physics ndi chemistry basi. Ife timalowa pati? Ndikuganiza za masters nchifukwa ndafunsa.

mkulu_wa_labu:
Mumalowa pakati penipeni achimwene. Pulogalamuyo ndi National Nanotechnology Initiative, pulezidenti Clinton anailengeza ku yunivesite ya Caltech mu January 2000, ndipo amene anaikankha kwambiri ku NSF (bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa sayansi), Mihail Roco, ndi wa mechanical ngati inu nomwe. Tangoganizani, nanomita ndi mita kuigawa ka 1 biliyoni, tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi pafupifupi ma nanomita 80,000. Wa chemistry akapanga kanthu kamodzi nkugwira ntchito ndi bwino ndithu, koma kupanga tomweto mamiliyoni tofanana ndendende, makina osanjenjemera, vacuum yosalowa mpweya, imeneyo ndi ntchito yanu.

nachisale_eee:
Ine ndinagwirako mu cleanroom (chipinda chopanda fumbi chopangira tinthu ta nano) pa yunivesite ina kunja. Umavala ovolosi yobisa thupi lonse kungotsala maso, magetsi ndi achikasu kuti photoresist (mankhwala osintha akaombedwa ndi kuwala) isaonongeke, ngakhale pensulo salola chifukwa imagwetsa fumbi. Tsiku lina wafer (kambale kopyapyala kopangirapo ma chip) yomwe ndinaivutikira masabata awiri inatayika ndi kafumbi kamodzi, ndinachita kukaona pa microscope, misozi inalengeza. Amene amasunga mpweya wa mmenemo kuti ukhale woyera ndi mainjiniya. Ndipo makina ake ndi odula zedi, gulu limodzi la kafukufuku silingagule, nchifukwa mu 2015 NSF inakhazikitsa NNCI, mgwirizano wa malo 16 okhala ndi makina oterewa, kuphatikizapo yunivesite ya Cornell, kuti ophunzira ndi timakampani tating'ono azibwera kudzagwiritsa ntchito.

bambo_a_chip:
Ndingowonjezera kuti ndalama zimenezi zimachedwa kubala, musayembekeze zamsanga. Pa EUV, njira yojambula ndi kuwala yomwe amapangira ma chip a mafoni apamwambawa, Intel ndi anzake anagwirizana ndi ma labu a boma a Livermore, Sandia ndi Berkeley mu 1997, koma ma chip ake anafika pamsika cha mu 2019, makinawo akupanga ASML ku Netherlands. Kuwala kwake kwa ma nanomita 13.5 amakupeza powomba timadontho ta chitsulo cha tin ndi laser, timadontho 50,000 pa sekondi, ndiye zaka zonsezo anthu amalimbana ndi magalasi, kutentha ndi zonyansa za tin. America ikakutalikirani yang'anani mabungwe a kafukufuku a CSIR ndi Mintek ku South Africa, nakonso boma linatsegula malo a nano mu 2007.

wa_mechanical:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Achemwali a nachisale, kuti munthu alowe mu cleanroom amafuna akhale ataphunzira kale chani, materials kapena control?