Mwana waluso wosasamalidwa kwawo: tiyambire pati?

Abale ndi alongo, makamaka inu oteteza ana, tithandizeni nzeru. Pali mnyamata wa zaka 13, wa Sitandade 7, makolo ake alipo koma amangokhalira mowa. Amadziphikira ndi kudzichapira yekha. Amapanga magalimoto a waya, mateyala ake a zitsekerero za mabotolo zokulunga ndi mphira wa chubu, n'kumagulitsa kuti apeze sopo ndi makope. Manja ake ndi aluso ndithu.

Chovuta n'chakuti akapatsidwa ndalama kapena ufa, bambo ake amalanda. Komanso msika ukayandikira amajomba kusukulu masiku awiri, kupinda waya.

Kodi tiyambire kwa amalume ake ndi amfumu, kapena tiimbe 116, nambala yothandiza ana, kuti a Social Welfare alowererepo? Nanga pulayala ndi waya wake tizisungitsa kwa aphunzitsi, kuopa kuti angamugulitsire?