Za kaliwo wanga uja wa timizere

Paja ndinafunsa chifukwa chake kaliwo wa briar (mtengo wolimba wosemera akaliwo) amene ndinasema ndekha ankaoneka timizeremizere nditangopaka utoto. Abale, wolakwa ndinali ine ndemwe, ndinkadumpha kuchoka pa sandipepa yokhakhala ya 220 mpaka yosalala ya 600 poti ndifulumire. Ndayambiranso, 220, 320, 400 kenako 600, ndipo ndisanasinthe ndimapukuta ndi kansalu konyowa ndi spiriti n'kuyang'ana padzuwa, timizere tija timaonekera pompo makamaka pakhosi pokumana mbale yoikamo fodya ndi mpini, apo ndiye pandidyera nthawi zedi.

Vanishi ndamusiya, mbale ikatentha amachita matuza. Ndangopaka phula la carnauba n'kupukuta mpaka kuwala phuliphuli. Kadzenje kamodzi kakuda katsala m'mbalimu, briar amakhala nato timeneti, sindikamata ayi.